Kasankhidwe ka ndodo yowedzera ndi reel yake: yambirani kumadzi, kusitolo mupite pomaliza

Ambiri a ife tinaphunzira kuwedza ndi nsungwi, twaini ndi mbedza yogula pa okala. Chida chimenecho sicholakwika ayi, mpaka lero chikudyetsa mabanja. Koma chili ndi malire awiri. Nyambo imangofika pomwe pathera nsungwi ndi ulusi wake, ndipo nsomba yaikulu ikameza mbedza n'kuyamba kuthawa mulibe ulusi wina woti muipatse, chimodzi chiyenera kugonja basi, ulusi kapena nsungwi. Ndodo yokhala ndi reel, kachipangizo kopukusa komwe kamasunga ndi kukulunga ulusi, imathetsa mavuto awiriwa: imaponya nyambo kutali, ndipo imalola nsomba kuthamanga ndi ulusi mpaka itatopa yokha.

Vuto limayambira pogula. Munthu amalowa musitolo, n'kuona ndodo yonyezimira yaitali ngati mlongoti, yokhala ndi reel yaikulu, n'kuganiza kuti kukula ndiye kulimba, kulimba ndiye kupha nsomba. Atafika nayo padamu makumba akujompha nyambo iye osamva kanthu m'manja. Wina amagula kandodo kopepuka kotchipa, n'kupita nako ku Shire, tsiku loyamba lomwelo mlamba n'kukathyola. Onsewa sanagule katundu woipa kwenikweni. Anagula katundu wosagwirizana ndi madzi awo. Ndodo, reel ndi ulusi ndi zinthu zitatu zomwe ziyenera kumvana, ndipo zonse zitatu ziyenera kumvana ndi nsomba yomwe mukuifuna. Tiyeni tiziyende mwa dongosolo limenelo.

Choyamba: tchulani nsomba yanu ndi malo anu

Musanagwire ndalama, yankhani funso ili moona mtima: pa maulendo khumi omwe ndidzapite kowedza, asanu ndi atatu ndidzakhala ndili kuti? Osati komwe mumalota kudzapita tsiku lina, koma komwe mwendo wanu umafika Loweruka.

Ngati ndi padamu, pamtsinje waung'ono kapena m'mbali mwa nyanja mutaima pagombe, nsomba zanu ndi makumba, chilunguni, timilamba tapakatikati ndi zina zotero, zambiri zosapitirira kilogalamu imodzi kapena awiri. Izi zimafuna ndodo yomva, yoti nsomba ikangokhudza nyongolotsi nsonga igwedezeke. Chambo musachiwerengere kwambiri. Chimadya tizinthu ting'onoting'ono tam'madzi ndipo sichikonda kumeza mbedza, n'chifukwa chake chomwe timadya chimachokera muukonde.

Ngati muli ndi mwayi wa boti kapena bwato panyanja ya Malawi, nkhani ndi ya ncheni, zomwe zimathamangira nyambo yonyezimira kapena usipa wokokedwa kumbuyo kwa boti, komanso kampango yemwe amakhala pansi m'miyala ndipo amadya kwambiri usiku. Kampango akangomva mbedza amathawira kuphanga kwake, choncho amafuna ndodo ya msana wolimba yoti imutembenuze asanalowe. Mpasa, yomwe imakwera mitsinje monga Bua ku Nkhotakota kukaswa, imatha kufika makilogalamu atatu kapena anayi ndipo imamenya nkhondo yoposa msinkhu wake, makamaka m'madzi othamanga.

Kuchigwa cha Shire, kumunsi kwa mathithi a Kapichira mpaka ku Chikwawa ndi Nsanje, ndi mu Zambezi, ku Cahora Bassa ndi ku Kariba, kuli tiger, nsomba ya mano ngati misomali yomwe imadumpha m'mwamba ikakodwa. M'nyanja ya Malawi mulibe tiger, mathithi a pakati pa Shire amaitchinga. M'madzi omwe muli tiger mulinso vundu, mlamba wamkulu kuposa yonse kuno kummwera kwa Africa, yemwe amatha kupitirira makilogalamu 50. Amene akufuna vundu akufuna chida chinachake chapadera, ndipo asayembekezere kuti chomwecho akaphera makumba.

Trout za m'madamu a paphiri la Zomba ndi ku Chelinda ku Nyika zili ndi kawedzedwe kakekake ka ndodo ya fly, yoponyera nyambo yochita kupanga yooneka ngati kachirombo, komanso pamafunika chilolezo. Zimenezo tizisiye pambali, si za ndodo yoyamba.

Onaninso malo oimapo. Pomwe pali bango ndi mitengo yolendewera kumbuyo kwanu, ndodo yaitali imangokolakola. Pagombe lamchenga ngati ku Senga Bay, pomwe madzi akuya ali kutali, ndodo yaifupi sifikitsa nyambo. Mubwato, ndodo yaitali kwambiri imakuvutani pokokera nsomba pafupi kuti muigwire.

Chachiwiri: mtundu wa reel

Apa sipofunika kuchedwapo. Gulani ya mtundu wa spinning, ija imalendewera pansi pa ndodo, yokhala ndi kawaya kopindika komwe mumatsegula poponya. Ndi yosavuta kuphunzira, imaponya nyambo yopepuka ndi yolemera yomwe, ndipo chopukusira chake chimasinthika kumanja kapena kumanzere.

Ilipo ina yotchedwa baitcaster, yokhala pamwamba pa ndodo, yomwe mumaiona m'manja mwa akatswiri opha nsomba yotchedwa bass. Ndi yabwino kwa wodziwa, koma poponya spool yake, kachiguduli komwe ulusi umakulungidwapo, imazungulira yokha, ndipo chala chachikulu chikachedwa kuigwira ulusi umapiringizana moti mungathe theka la tsiku mukumasula. Ija yotsekedwa ndi chivindikiro, ya batani kumbuyo, ndi yoyenera ana, mkati mwake nthawi zambiri mumakhala pulasitiki wosachedwa kutha.

Chinthu chimodzi chokha musaiwale: ndodo ya spinning ndi ya baitcaster ndi zosiyana. Ya spinning ili ndi mphete yoyamba yaikulu, yotalikirana ndi ndodo, ndipo mphete zake zimayang'ana pansi. Ya baitcaster mphete zake ndi zazing'ono, zimayang'ana kumwamba, ndipo pogwirira pali kachitsulo kapena kapulasitiki kokolowekapo chala. Mukasakaniza, ulusi umamenya ndodo ndipo simuponya patali.

Chachitatu: werengani zolembedwa pandodo

Pamwamba pang'ono pa chogwirira, ndodo iliyonse yopangidwa mwadongosolo imalembedwa mbiri yake m'timalemba ting'onoting'ono. Anthu ambiri sawerenga pamenepa, chonsecho ndi pomwe pali yankho la mafunso onse. Mupeza zinthu zinayi.

Kutalika. Amalemba m'mafiti kapena m'mamita: 6 ft ndi pafupifupi mamita 1.8, 7 ft ndi mamita 2.1, 8 ft ndi mamita 2.4, 10 ft ndi mamita 3. Yaitali imaponya kutali, yaifupi imaponya pomwe mwalozapo ndipo imakupatsani mphamvu pa nsomba yomwe ili pafupi. Kwa munthu wa ndodo imodzi, mamita 2.1 ndiye pakati pabwino. Woima pagombe lotseguka akwere kufika 2.4 kapena 2.7. Wa mubwato atsike kufika 1.8.

Mphamvu. Apa mupeza mawu monga Light, Medium, Medium Heavy ndi Heavy, kapena zilembo zokha: L, M, MH, H. Akunena za kulemera komwe kumafunika kuti ndodo ipindike. Light ndi ya makumba ndi nsomba zing'onozing'ono, ndipo kuwedza nayo kumakoma kwambiri chifukwa ngakhale kansomba ka m'dzanja kamamveka. Medium imakwanitsa makumba, ncheni, bass, mpasa ndi mlamba wapakati. Medium Heavy ndi ya tiger, kampango ndi milamba ikuluikulu. Heavy isiyireni vundu.

Kapindikidwe. Ichi n'chosiyana ndi mphamvu, ndipo ndi pomwe anthu amasokonezeka. Ndodo ziwiri zonse za Medium zikhoza kupindika mosiyana. Yolembedwa Fast imapindika kunsonga kokha, kwinako kumakhala kowuma. Ya Moderate imapindika mpaka pakati. Ya Slow imapindika yonse mpaka pafupi ndi dzanja. Kodi zili ndi ntchito yanji? Ya Fast imalasa mbedza msanga ndi mwamphamvu, zomwe zimafunika pa tiger chifukwa kamwa lake ndi fupa lokhalokha. Koma mukamaponya nyongolotsi, nsima kapena chiwindi cha nkhuku ndi ndodo yowuma chotero, nyambo imathothoka m'mwamba isanafike pamadzi, mbedza n'kugwa yopanda kanthu. Ya Moderate imakankha nyambo mofatsa, komanso nsomba ikagwedeza mutu ndodo imameza kugwedezako, mbedza osang'amba mlomo. Popeza ambiri a ife timawedza ndi nyambo yeniyeni, ine ndimalangiza Moderate kapena Moderate Fast.

Kenako pali manambala awiri. Mwachitsanzo: Line 8-17 lb, Lure 1/4-3/4 oz. Loyambalo likunena kulimba kwa ulusi woyenera ndodoyo. Paundi imodzi ndi pafupifupi magalamu 450, ndiye 8 mpaka 17 lb ndi ulusi woduka pa makilogalamu 3.5 mpaka pafupifupi 8. Lachiwirilo likunena kulemera kwa zomwe mungaponye. Aunsi imodzi ndi magalamu 28, ndiye apa akutanthauza magalamu 7 mpaka 21. Powerengera phatikizani mtovu womizira ndi nyambo yomwe. Mukamangirira mtovu wa magalamu 60 pandodo yotereyi n'kuponya ndi mphamvu zonse, nsonga ithyoka, ndipo wolakwa sakhala wogulitsa. Ndodo yomwe sinalembedwe chilichonse mwa izi ndimaikayikira, chifukwa woipangayo sanafune kulonjeza kanthu.

Tsopano za chomwe anapangira. Fibreglass ndi yolemerako ndipo simva kwambiri kujompha kwa nsomba, koma imapirira nkhanza: kugwa, kupondedwa mubwato, kumangidwa panjinga. Graphite, yomwe ena amalemba kuti carbon, ndi yopepuka ndipo imamva chilichonse chochitika pansi pa madzi, koma ikamenyeka pamwala imachita kamng'alu kosaoneka, n'kudzathyoka tsiku lina nsomba ili pambedza. Zilipo zosakaniza ziwirizi, monga Ugly Stik ya kampani ya Shakespeare yomwe inatchuka chifukwa cha kusathyoka. Kwa misewu yathu, maminibasi athu ndi ana omwe adzaibwereke ndithu, yosakaniza kapena ya fibreglass ndiye yanzeru. Dziwaninso kuti carbon imadutsitsa magetsi. Ndodo yaitali musayende nayo choimika pansi pa mawaya a magetsi, ndipo mabingu akayamba igonekeni pansi, muchoke pamadzi.

Pomaliza, ya zidutswa zingati? Ya chidutswa chimodzi ndi yolimba koma kunyamula kwake ndi chintchito. Ya zidutswa ziwiri zolumikiza pakati ndiyo ndimaikonda, masiku ano mphamvu yake sisiyana kwenikweni ndi yathunthu. Zija zolowetsana ngati eriyo ya wailesi zimakopa chifukwa zimakwana m'chikwama, koma mchenga ukalowa m'mfundo zake zimakanirira, mphete zimapotoka n'kusiya mzere, ndipo zotchipa zambiri zimathyokera pamfundo. Igulani pokhapokha ngati kunyamula ndiye vuto lanu lalikulu.

Chachinayi: kukula kwa reel, ndi mtima wake

Ma reel a spinning amadziwika ndi manambala: 1000, 2000, 2500, 3000, 4000, 5000, 6000 kupita m'tsogolo. Makampani ena amalemba 25, 30, 40, tanthauzo n'lomwelo, ngakhale kuti 3000 ya kampani ina ikhoza kusiyanako ndi 3000 ya inzake. Kagwirizanidwe kake ndi aka. Ndodo ya Light imapita ndi 1000 mpaka 2500. Ya Medium imapita ndi 2500 mpaka 4000. Ya Medium Heavy imapita ndi 4000 kapena 5000. Ya Heavy imayambira pa 6000.

Pa spool pamalembedwa kuchuluka kwa ulusi womwe imanyamula, mwachitsanzo 0.30mm-180m, kutanthauza mamita 180 a ulusi wonenepa mamilimita 0.30. Onetsetsani kuti ulusi womwe ndodo yanu ikufuna ukukwana mamita osachepera 120 kapena 150 pa reel imeneyo. Mukaona kuti ndodo ikufuna ulusi wa makilogalamu 8 pomwe reel ikungonyamula mamita 60 a ulusi wotero, ziwirizo si banja.

Palinso nambala yonga 5.2:1. Ikutanthauza kuti mukapukusa kamodzi, ulusi umazungulira spool kasanu ndi pang'ono. Ya 6.2:1 imakulunga msanga, yabwino pothamangitsa nyambo yachitsulo. Ya 5.2:1 kapena pafupi pamenepo ili ndi mphamvu yokoka ndipo imagwira ntchito iliyonse. Musavutike nazo kwambiri.

Chomwe muyenera kuvutika nacho ndi drag. Iyi ndi buleki ya reel: timbale topyapyala tili mkati mwa spool, tomwe mumafinya kapena kumasula ndi chotsekera cha pamwamba. Nsomba ikakoka mopitirira muyeso womwe mwaika, spool imatsetsereka n'kupereka ulusi m'malo moti uduke. Ichi ndicho chimachititsa kuti ulusi wa makilogalamu 5 utulutse nsomba ya makilogalamu 10. Drag yabwino imapereka ulusi mosalala, mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Yoipa imagwira, n'kutaya, n'kugwiranso, ndipo pakugwira pamenepo ndi pomwe ulusi umadukira. Nsomba zazikulu zambiri zomwe anthu amadandaula kuti zinawapulumuka sizinapulumuke chifukwa cha ndodo, koma chifukwa cha drag yodumphadumpha kapena yomangidwa kotheratu. Ma reel ena chotsekera cha drag chili kumbuyo. Cha kutsogolo, pamwamba pa spool, chimakhala ndi timbale tokulirapo ndipo chimalimba koposa.

Musakopeke ndi chiwerengero cha ma bearing cholembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pabokosi. Reel yotchipa yolembedwa 12+1 imagonja kwa reel ya kampani yodziwika yokhala ndi anayi okha koma achitsulo chabwino. Yang'anani m'malo mwake kuti spool ndi ya aluminiyamu, osati pulasitiki wopakidwa utoto wa siliva. Igogodeni ndi chikhadabo, imveka.

Ngati ndalama zikukukakamizani kusankha pomwe muwonjezere, wonjezerani pa reel. Ndodo wamba yokhala ndi reel yabwino imapha nsomba zaka zambiri. Ndodo yapamwamba yokhala ndi reel yachabe imakusiyani pagombe mukumasula ulusi.

Chachisanu: ulusi

Yambani ndi wa nayiloni wamba, uja amalemba kuti monofilament. Ndi wotchipa, umamanga mfundo mosavuta, ndipo umatamuka pang'ono, zomwe zimakhululukira dzanja la wophunzira. Wa 0.20 mpaka 0.25mm, womwe umaduka pa makilogalamu atatu kapena anayi, ndi wa makumba. Wa 0.28 mpaka 0.30mm, wa makilogalamu asanu kapena asanu ndi limodzi, ndi wa ntchito zonse. Wa 0.35 mpaka 0.40mm ndi wa milamba, kampango ndi tiger. Chizolowezi chathu chogula twaini yonenepa kuti isaduke sichigwira pa reel ya spinning: ulusi wonenepa kwambiri pa spool yaing'ono umatuluka uli mapiringupiringu, suponyeka patali, ndipo nsomba za m'madzi oyera zimauona.

Ulusi woluka, wotchedwa braid, ndi wopyapyala koma wolimba kwambiri, sutamuka, ndipo umathandiza powedza pakuya chifukwa mumamva kujompha kulikonse. Koma ndi wodula, umaduka msanga ukakhuzika pamwala wakuthwa, ndipo umacheka chala ngati mpeni mukaukoka ndi dzanja. Udikireni mpaka mutazolowera.

Pa tiger, kumapeto kwa ulusi kumafunika kawaya kachitsulo ka masentimita 20 kapena 30. Popanda kawayako mano ake amadula nayiloni wa mtundu uliwonse kamodzi n'kamodzi.

Chachisanu ndi chimodzi: yesani ndi manja anu musanalipire

Pitani ndi kathonje m'thumba. Wogulitsa wabwino sakana kuti muyese, wokana mumusiye.

Lumikizani ndodo, muiyang'ane kuchokera kuchogwirira ngati mukuloza chinthu: mphete zonse zikhale pamzere umodzi, ndodo isakhote. Igwedezeni pang'ono. Mukamva kugogoda pamfundo, kapena chokhalira reel chikusewera, ibwezeni. Pititsani thonje lija mkati mwa mphete iliyonse, makamaka ya kunsonga. Likakodwa, ndiye kuti mphete ili ndi mng'alu, ndipo idzapala ulusi wanu pang'onopang'ono mpaka kuudula. Mphete zabwino zimakhala ndi kamkombero kosalala mkati, kakuda kapena kotuwa. Zachitsulo chokhachokha chopyapyala zimadyeka n'kuchita ngalande.

Gunditsani nsonga pansi mopepuka, pamalo osalala, mukanikize pang'ono kuti muone pomwe ikupindikira. Musaipinde ndi manja awiri pafupi ndi nsonga monga amachitira ena pofuna kuonetsa kulimba, ndodo zambiri zimavulalira pomwepo zisanatuluke musitolo.

Tsopano reel. Pukusani pang'onopang'ono, khutu lili pafupi. Isalire ngati muli mchenga, isalimbe pena n'kupepuka pena. Imani mwadzidzidzi n'kuyesa kubweza chopukusira m'mbuyo: chiime nthawi yomweyo, osasewera. Tsegulani kawaya kopindika kaja kangapo, kazitseguka mpaka kumapeto n'kutsekeka ndi mphamvu. Pakona pake pali kagudumu komwe ulusi umadutsapo, kakankheni ndi kamtengo ka machesi muone ngati kakuzungulira. Kakauma kamapota ulusi. Kenako masulani drag, gwirani spool ndi dzanja n'kuizunguza, mukumanga chotsekera pang'onopang'ono. Kulimba kuzikwera mwa pang'onopang'ono. Ngati kuchoka pomasuka kufika pomangika n'kupotoza kamodzi kokha, drag imeneyo ilibe pakati, ndipo pakatipo ndi pomwe nsomba imagonjera.

Mangani reel pandodo, muike ndodoyo pachala chimodzi kutsogolo pang'ono kwa reel. Ikhazikike mopingasa kapena kupendekera kunsonga pang'ono chabe. Ikagwera kunsonga kwambiri, reel yachepa ndipo dzanja lidzatopa msanga. Ikagwera kumbuyo, reel yakulitsa. Igwireni monga mudzaigwirire kumadzi, phazi la reel lili pakati pa zala, kwa mphindi zingapo. Chomwe chikukusowetsani mtendere pano chidzakupwetekani pofika masana.

Chachisanu ndi chiwiri: zogulitsidwa pamodzi, kapena chilichonse pachokha?

Zogulitsidwa pamodzi, zomwe amazitcha combo, zili ndi ubwino woona: kampani inagwirizanitsa kale kukula kwa ndodo ndi reel, ndipo mtengo umatsikirapo. Kwa woyamba ndi njira yabwino, bola ikhale ya dzina lodziwika monga Shimano, Daiwa, Okuma, Penn kapena Abu Garcia, ndipo idutse mayeso onse aja. Maina amenewa amaberedwanso, choncho onani kalembedwe ka dzina, kusalala kwa utoto ndi kapepala ka m'bokosi koonetsa ziwalo za reel. Zomwe ndimakana ndi zija zomatidwa papepala lolimba pamodzi ndi timbedza, timitovu ndi tinyambo tapulasitiki tambirimbiri pamtengo wa chinthu chimodzi. Ndalama zanu zimathera pa tinthu tomwe simudzagwiritsa ntchito, reel n'kukhala yamasiku owerengeka. Ulusi womwe umabwera uli kale pa combo uchotseni, nthawi zambiri umakhala utakhalitsa ndipo unaumira mozungulira.

Zakale zogula kwa munthu kapena pakaunjika si zonyoza. Reel yakale ya kampani yabwino imaposa yatsopano yopanda dzina. Ingoyesani monga tafotokozera, ndipo pandodo mufufuze mikwingwirima yakuya ndi malo otuwa osonyeza kuti inaphwanyikapo.

Ngati mukutuma m'bale wa ku Joni kapena kwina kuti akugulireni, musangoti "mundigulireko ndodo yabwino." Mulembereni zonse: spinning, 7 ft, Medium, zidutswa ziwiri, reel ya 3000 kapena 4000, ulusi wa 0.30mm. Mumuuzenso kuti ndodoyo ailowetse mupaipi yapulasitiki ya madzi, atseke mbali zonse, chifukwa katundu wa pabasi amapanikizana kosasamala. Zomwe ndalembazi ndizonso yankho langa kwa aliyense wofuna ndodo imodzi yokha ya madzi ambiri a kuno kwathu. Wa kuchigwa cha Shire ndi ku Zambezi asinthe pawiri: ndodo ya Medium Heavy yomwe ndi Fast, ndi reel ya 4000 kapena 5000.

Chomaliza: kuika ulusi, kuyeza drag ndi kuponya koyamba

Lowetsani ulusi pamphete yaikulu yoyandikana ndi reel. Tsegulani kawaya kopindika, ichi anthu amaiwala, kenako mangani ulusi pa spool ndi mfundo yothina, mudule kotsala, mutseke kawaya. Chiguduli cha ulusi watsopano chigonekeni pansi, chizindikiro chikuyang'ana kumwamba. Gwirani ulusi ndi kansalu konyowa pamwamba pa reel kuti uzilowa wokungika, muyambe kupukusa. Mukapukusa kakhumi kapena kakhumi n'kasanu, imani, tsitsani nsonga kuti ulusi ukhwefuke. Ukadzipota wokha, tembenuzani chiguduli chija. Dzazani mpaka patsale mamilimita awiri kapena atatu kuti ufike pamlomo wa spool. Ukachepa suponyeka patali, ukasefukira umatuluka mulu n'kupiringizana. Wa braid umaterera pa spool, choncho muyambe mwaika nayiloni pang'ono pansi pake.

Drag imangidwe pa gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a kulimba kwa ulusi. Sikelo simukuifuna: lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ngati ulusi wanu ndi wa makilogalamu 6, thirani lita imodzi ndi theka m'botolo, mumange kuulusi, ndodo iloze pansi molunjika botololo kuti isapindike, munyamule pang'onopang'ono. Drag iyambe kutsetsereka pomwe botolo likufuna kunyamuka. Kokani ulusi ndi dzanja kangapo kuti dzanja liloweze kulimba kumeneko, kumadzi mudzayeza ndi dzanja lomwelo. Nsomba ikamathamanga drag ikulira, musapukuse, kupukusa nthawi imeneyo kumangopota ulusi. Dikirani iime, kwezani ndodo, kenako pukusani mukutsitsa.

Kuponya kaphunzireni pabwalo la mpira, ndi mtovu wokha wopanda mbedza. Kokerani ulusi ndi chala cholozera n'kuupanikiza kundodo, tsegulani kawaya, yang'anani kumbuyo ngati kulibe munthu, bweretsani ndodo kuchokera kumbuyo kudutsa paphewa, mutaye ulusi ndodo ikaloza kutsogolo chakumwamba. Mtovu ukagwa pafupi ndi mapazi, mwachedwa kutaya. Ukapita kumwamba kokhakokha, mwafulumira. Ikani beseni patali mamita 15 muzilasa limenelo, kulunjika kumapha nsomba zambiri kuposa kutalika.

Ndodo zambiri zimathyoka pazifukwa ziwiri zopeweka. China ndi kunyamula nsomba m'madzi ndi ndodo itaimirira njo, kulemera konse n'kupita kunsonga. Ikokereni pafupi, muitenge ndi kaukonde kapena ndi dzanja, mosamala minga ya mlamba ndi kampango. China ndi kukoka ndi ndodo mbedza ikakodwa pansi. Lozani ndodo komwe yakodwa, kulungani ulusi pakamtengo, mukoke ndi kamtengoko.

Reel isagone pamchenga. Mukabwerako ipukuteni ndi nsalu yonyowa, masulani drag kuti timbale tisaphwatalale, ndipo pakapita nthawi donthezani mafuta opepuka a makina osokera pakagudumu ka ulusi ndi pachopukusira, osati mafuta ophikira omwe amauma n'kumata. Wopita nayo kunyanja yamchere, ku Beira kapena ku Nacala, aitsuke ndi madzi abwino tsiku lomwelo. Nayiloni amafooka ndi dzuwa, choncho isungeni mumthunzi ndipo ulusi muzisintha chaka ndi chaka.

Musanaponye pamalo achilendo, funsani eni dera ndi a ofesi ya zausodzi za chilolezo ndi nyengo yomwe usodzi umatsekedwa. M'malo otetezedwa muli malamulo akeake: ku Lake Malawi National Park, ku Cape Maclear, madzi a mamita 100 kuchokera kugombe la pakiyo ndi zilumba zake saloledwa kuwedzamo, ndipo mbali ya Bua yomwe ili m'nkhalango ya Nkhotakota imafuna chilolezo cha oyang'anira nkhalangoyo. Funsaninso za ng'ona ndi mvuu, makamaka mu Shire. Kumeneko imani patali ndi mlomo wa madzi, musamabwerere pamalo amodzimodzi nthawi yofanana tsiku ndi tsiku, ndipo matumbo a nsomba musatsukire pomwe mwaimapo.